Kumanga tsatanetsatane wa nkhani yopeka: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera ndikamacheza ndi anthu olemba nkhani zopeka, zazifupi ndi zazitali zomwe. Ena angoyamba kumene, ena ali ndi makope atatu odzaza koma nkhani yakana kutha. Ndayankha monga ndimaonera ine, ndipo pomwe ndili ndi mbali yanga sindinabise.

Kodi tsatanetsatane wa nkhani n'chiyani? Si kungofotokoza zomwe zinachitika motsatana?

Ayi. Zinthu zikhoza kutsatana bwinobwino, za Lolemba, za Lachiwiri, za Lachitatu, koma osagwirana. Mlembi wa ku England, E. M. Forster, pokamba ku Cambridge mu 1927 anapereka chitsanzo chachifupi. Mukanena kuti mfumu inamwalira, kenako mkazi wake anamwalira, mwangotiuza zomwe zinachitika. Mukanena kuti mfumu inamwalira, mkazi wake n'kumwaliranso chifukwa cha chisoni, mwamanga chinthu, poti imfa yachiwiriyo yachokera mu yoyambayo. Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece wakale, anali atanena kale zofanana ndi zimenezi cha m'ma 335 Yesu asanabadwe. Iye anati pali kusiyana kwakukulu pakati pa chinthu chochitika chifukwa cha chinzake ndi chinthu chongochitika pambuyo pa chinzake, ndipo masewero omwe zochitika zake zimangondondozana popanda chozikakamiza anawaika m'gulu la oipitsitsa.

Nthawi zambiri ndimapempha wolemba kuti anene nkhani yake pakamwa, m'mphindi ziwiri zokha, ine n'kumamvetsera mawu omwe akulumikizira zochitikazo. Akamangoti "kenako, kenako, kenako", ndimadziwa kuti ntchito ikadalipo. Akayamba kunena kuti "ndiye chifukwa cha zimenezo" kapena "koma atafika uko", nkhaniyo yayamba kuima ndi miyendo yake.

Ndili ndi ganizo labwino koma sindikudziwa chochita nalo. Ndiyambire pati?

Tiyeni timange nkhani imodzi pompano, ndipo tiziyenda nayo mpaka kumapeto. Ganizo ndi ili: mlonda wa usiku pa nyumba yosungiramo katundu waona akuba. Apa nkhani palibe. Aliza wezulo, akubawo athawa, kwatha.

Funso loyamba: munthuyu akufuna chiyani? Chikhale chinthu chogwirika, chifukwa "mtendere" ndi "chisangalalo" aliyense amazifuna. Tinene kuti mwana wake wamkazi akudikira opaleshoni, ndipo ntchito yaulondayi ndi yokhayo yomwe angapezere ndalama zake. Funso lachiwiri: n'chiyani chamuimira kutsogolo? Aunika tochi, kuwala n'kugwera pa chipsera cha pachipumi pa mmodzi mwa akubawo. Chipseracho akuchidziwa. Analipo tsiku lomwe mwini chipseracho, ali mwana, anagwa mumtengo, ndipo anachita kumubereka yekha mpaka kunyumba, magazi akumunyowetsa phewa. Ndi mng'ono wake. Funso lachitatu: asankha chiyani, nanga ataya chiyani posankhapo? Akaliza wezulo wapereka m'bale wake kwa apolisi. Akakhala chete waika ntchito pachiswe, pamodzi ndi moyo wa mwana wake.

Azimitsa tochi.

Zonse zomwe zibwere kutsogoloku zichokera pa chala chimene chazimitsa tochicho. Onani kuti palibe njira yomwe angatulukire osapsa. Munthu akamasankha pakati pa chabwino ndi choipa, wowerenga amadziwiratu yankho ndipo samva kanthu. Amagwidwa mtima akaona munthu atapanikizika pakati pa zinthu ziwiri zomwe amazikonda.

Kodi ndiyenera kukonza zonse ndisanalembe chiganizo choyamba?

Alembi amasiyana, ndipo ndimakana wina akamati njira ndi imodzi. Charles Dickens ankatulutsa mabuku ake pang'onopang'ono, chigawo chimodzi mwezi uliwonse kapena sabata iliyonse, choncho sakanatha kubwerera kukakonza zomwe anthu awerenga kale. Kuyambira cha m'ma 1846 ankakonzeratu chigawo chilichonse pa pepala logawa pakati: kumanzere maganizo ndi mafunso omwe ankadzifunsa n'kumadziyankha yekha, kumanja mitu ndi zochitika zake. Vladimir Nabokov ankalemba pa timakadi, osayambira kuchiyambi ayi, kulikonse komwe nkhani yamuonekera bwino, n'kudzatisanja pambuyo. Aliponso ambiri omwe amayamba ulendo asakudziwa komwe akalowere.

Ntchito yokonza simungaizembe, mumangosankha nthawi yoigwirira. Wokonzeratu amavutika asanalembe. Wongoyamba kulemba amadzavutika akamaliza, pong'amba masamba ambirimbiri omwe anasochera nawo.

Langa ndi ili. Nkhanga zidapangana kusanapse, ndiye musanayambe dziwani zinthu zinayi: munthu wanu, chomwe akufuna, chisankho choyamba chomwe sangachibweze, ndi mbali yomwe nkhani ikalowere ngakhale mukuiona mwachimbuuzi. Nkhani yaifupi mukhoza kuisunga m'mutu. Yaitali lembani papepala, chifukwa pofika mutu wa 20 mudzakhala mutaiwala zomwe munalonjeza m'mutu wachitatu.

Chenjezo limodzi. Ndaonapo anthu akutha chaka chathunthu akujambula mapu a dziko lawo lopeka, kulemba mibadwo ya mafumu ake, mayina a mitsinje, osalemba ngakhale chochitika chimodzi. Mukaona kuti pulani yanu ikungonenepa koma munthu wanu sanayankhulepo mawu, tsekani kope la pulanilo, yambani kulemba.

Ndimamva za "zigawo zitatu". Zimenezi n'zotani?

Muzu wake ndi Aristotle yemwe uja, amene anati chinthu chathunthu chimakhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Zimamveka ngati zachibwana mpaka mutamva tanthauzo lake: chiyambi ndi chomwe sichidalira china cham'mbuyo, mathero ndi omwe safuna china chakutsogolo, pakati ndi pomwe pamachokera m'chinzake n'kubala chinanso.

Chimango chomwe anthu ambiri amaphunzira masiku ano chinatchuka kwambiri kudzera kwa Syd Field, mphunzitsi wa ku America wa kalembedwe ka mafilimu, m'buku lake la mu 1979. Poti tsamba limodzi la filimu limatenga pafupifupi mphindi imodzi, iye anagawa masamba 120 motere: 30 oyamba okhazikitsa munthu ndi vuto lake, 60 apakati olimbana ndi vutolo, 30 omaliza oliweruza. Pamalire a zigawozi pamakhala chochitika chotembenuza nkhani.

Kwa mlonda wathu, gawo loyamba limatha pomwe wazimitsa tochi n'kulemba bodza m'kope la ulonda kuti usikuwo kunali bata. Gawo lachiwiri ndi kulimbana ndi bodzalo. Gawo lachitatu likuyamba pomwe bodza silingathenso kumubisa. Manambalawo musawatenge ngati lamulo, anapangidwira filimu ya maola awiri. Chofunika kutolapo n'chakuti pakati pamatenga malo aakulu kuposa mbali zinazo, ndipo chiyambi chikatalika kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, wowerenga amayamba kuyasamula.

Nanga phiri la Freytag, ulendo wa ngwazi ndi zina zija? Nditsate chiti?

Dziwani kaye komwe chilichonse chinachokera, mudzaona nokha chomwe chikukuyenerani.

Gustav Freytag, wa ku Germany, mu 1863 anafotokoza masewero a zigawo zisanu monga a Agiriki akale ndi a Shakespeare, n'kujambula chithunzi chooneka ngati phiri: chiyambi, kukwera, pamwamba, kutsika ndi tsoka lomaliza. Chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti kwa iye pamwamba paphiripo pali pakati penipeni pa sewero, pomwe mwayi wa mpangankhani wamkulu umatembenuka, ndipo theka lonse lotsalalo ndi kugwa kwake. Nkhani zambiri za masiku ano zimaika pampondachimera, pomwe zinthu zimafika pachimake, pafupi ndi mathero. Mukasokoneza ziwirizi mudzalemba theka la buku moto utazima kale.

Vladimir Propp, mu 1928, atasanthula nthano 100 za ku Russia anapeza kuti zimayenda pa zochitika 31 zomwe zimabwera mu ndondomeko imodzimodzi, ngakhale kuti si nthano iliyonse yomwe ili nazo zonse. Joseph Campbell, mu 1949, anafanizira nthano za mitundu yosiyanasiyana n'kutchula masitepe 17 a ulendo wa ngwazi: kuitanidwa, kukana, kuwoloka malire, mayesero, kubwerera ndi mphatso. Patapita zaka, Christopher Vogler anawafupikitsa kukhala 12 kuti athandize olemba mafilimu.

Anthu onsewa anayang'ana nkhani zomwe zinalipo kale n'kufotokoza zomwe anaona. Anaphunzira kwa nkhani, nkhanizo sizinaphunzire kwa iwo. N'chifukwa chake zimangozi ine ndimazigwiritsa ntchito pofufuza matenda. Nkhani ikamatsimphina ndimaiika pa chimango chimodzi, n'kuona pomwe paperewera. Koma kudzaza mabokosi 12 mmodzimmodzi ngati fomu kumabala nkhani yomwe wowerenga amaidziwiratu mathero ali pa tsamba lachisanu. Mlonda wathu safunika nkhalamba yanzeru yomupatsa chida chamatsenga. Mukamukakamiza kukumana nayo chifukwa choti bokosi lachinayi latero, mwaipha nkhani.

Nkhani iyambire pati? Ndimamva ngati ndiyenera kufotokoza kaye mbiri ya munthuyo.

Yambani mochedwa momwe mungathere. Wolemba ndakatulo wa ku Roma, Horace, anayamikira Homer, wolemba ndakatulo wa ku Greece wakale, chifukwa sanayambe nkhani ya nkhondo ya ku Troy kuchokera pa dzira lomwe nthano imati Helen, mkazi yemwe ankalimbirana pa nkhondoyo, anabadwiramo, koma anaponya omvera pakati pa zinthu. Mawu achilatini akuti in medias res achokera pamenepo. N'zoonadi, ndakatulo ya Homer ija imayamba nkhondo ili m'chaka chakhumi.

Masamba oyamba omwe mumalemba nthawi zambiri amakhala anu, okuthandizani kumudziwa munthuyo. Alembeni ndithu, koma mukamaliza yesani kuchotsa mutu woyamba wonse, muone ngati nkhani yadwala. Kawirikawiri imachira. Nkhani ya mlonda isayambe ndi kubadwa kwake. Iyambe madzulo a tsikulo, akutsanzikana ndi mwana wake pa bedi la kuchipatala, mwanayo atagwira batani la yunifolomu yake osafuna kulisiya. Za mtengo ndi chipsera zibwere pomwe tochi yaunika nkhope, chifukwa pamenepo m'pamene wowerenga akuzifuna.

Chiyambi ndimalemba bwino, mathero ndikuwadziwa, koma pakati ndimatitimira. Chimavuta n'chiyani?

Ili ndi funso lomwe ndimalandira kuposa ena onse, ndipo nanenso linandipweteka. Nkhani yanga yaitali yoyamba inaima pa tsamba 90 kwa chaka chathunthu. Usiku uliwonse ndinkatsegula kope, n'kuwonjezera vuto latsopano: ngozi ya galimoto, mlendo wochokera kutali, matenda. Masamba ankachuluka koma ndikawerenga ndinkamva kuti palibe chikuyenda. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mavuto onsewo ankamugwera munthu wanga kuchokera kunja, ngati mvula. Palibe limodzi lomwe analiputa yekha.

Mankhwala ake ndi kubwerera ku chisankho choyamba chija n'kufunsa kuti, ndani wavulala nacho? Mlonda wazimitsa tochi, katundu wabedwa. Eni ake sangakhale chete, afuna wolakwa. Mlandu ugwera mlonda mnzake wa pageti lakumbuyo, mnyamata yemwe wangoyamba ntchito ndipo mkazi wake ali ndi khanda. Mnyamatayo amangidwa. Chifukwa cha zimenezo, bwana aitana mlonda wathu, yemwe amamukhulupirira kwa zaka zambiri, kuti akaperekere umboni. Kuti bodza loyamba liime, ayenera kunenanso lachiwiri, ndipo lachiwirili likulowetsa munthu wosalakwa m'ndende. Walira mvula walira matope.

Ndiye pakati penipeni pa nkhani pakhale chinthu chosintha momwe munthuyo akuonera vuto lake. Mng'ono uja abwera usiku, aika envelopu patebulo. Ndi ndalama zokwanira opaleshoni. Anena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, musafunse, tengani." Ndipo pocheza zidziwika kuti maola olondera anawamva kwa mkulu wakeyo, tsiku lina akucheza pakhonde. Mpaka apa mlonda ankadziona ngati munthu wabwino yemwe wangogwa m'tsoka. Tsopano envelopu ili patsogolo pake, ndipo akaitenga wakhala mmodzi wa akubawo. Aitenga.

Taonani kuti sitinaitane ngozi kapena mlendo. Anthu ndi omwe aja, vuto ndi lomwe lija, likungozama. Chochitika chilichonse chizitseka khomo limodzi lothawira, ndipo chotsatira chizilemera kuposa cham'mbuyo. Mukapeza kuti mitu iwiri ya pakati mukhoza kuisinthanitsa malo popanda chosokonekera, ndiye kuti umodzi mwa iyo sukubala kanthu.

China chomwe chimathandiza ndi nthawi. Ikani tsiku la opaleshoni ndi tsiku la mlandu m'sabata imodzi. Munthu yemwe ali ndi chaka choganizira sachita kanthu, koma wotsala ndi masiku anayi amalakwitsa, ndipo zolakwazo ndi zomwe zimayendetsa nkhani.

Kodi nkhani iliyonse iyenera kukhala ndi mkangano?

Mkangano wa zibakera ndi kulalatirana, ayi. Ku China, ku Japan ndi ku Korea kuli chimango chakale cha zigawo zinayi, chomwe a ku Japan amachitcha kishōtenketsu, chochokera ku ndakatulo zachitchaina za mizere inayi. Gawo loyamba limaonetsa chinthu, lachiwiri limachikulitsa, lachitatu limabweretsa china chooneka ngati chosagwirizana nacho, lachinayi limalumikiza zonse mwakuti zoyamba zija mumazionanso ndi maso ena. Mdani safunika. Komabe ngakhale pamenepo wowerenga amakhala ndi funso lomukoka, lakuti ziwirizi zikumana bwanji. Funsolo ndi lomwe nkhani singakhale popanda ilo.

Ndingatani kuti wowerenga asasiye buku panjira? Ndizibisa zinthu?

Alembi atsopano amabisa mopitirira, poganiza kuti chinsinsi ndiye nyambo. Wopanga mafilimu Alfred Hitchcock anafotokoza bwino nkhani imeneyi. Anthu awiri akucheza patebulo, mwadzidzidzi bomba liphulika: oonera adzidzimuka kwa masekondi ochepa. Koma mukawaonetsa bombalo lili pansi pa tebulo, n'kuwauza nthawi yomwe liphulike, macheza wamba omwe aja amasanduka mphindi zambiri za mtima uli m'mwamba.

Choncho muuzeni wowerenga. Adziwe kuti wakubayo ndi mng'ono wake. Ndiye pomwe mkazi wa mnyamata womangidwa uja abwera, khanda kumsana, kudzathokoza mlonda chifukwa chomulankhulira zabwino mwamuna wake kwa bwana, wowerenga amva kuwawa komwe sakanamva akanakhala mumdima.

Kudzidzimutsa kuli ndi malo ake, koma kukhale koti wowerenga akabwerera m'mbuyo apeze mapazi. Wolemba masewero wa ku Russia, Anton Chekhov, ankalangiza kuti mfuti yodzaza isaikidwe pabwalo la sewero ngati sidzawombedwa. Langizoli limagwiranso ntchito chobwerera: ngati mfuti idzawombedwa kumapeto, ionekere koyambirira. M'nkhani yathu mfutiyo ndi kope la ulonda. Tilione m'mutu woyamba, mlonda akulembamo ndi dzanja lake losamala, akunyadira kuti sanalumphepo ola. Likadzatsegulidwa m'khoti, wowerenga alidziwa kale.

Kodi n'kulakwa kuti zinthu zingochitika mwamwayi? Pamoyo zimachitika.

Zimachitikadi, koma pepala lili ndi malamulo ena. Aristotle anati ndi bwino kulemba chosatheka chomwe chikumveka chokhulupirika kusiyana ndi chotheka chomwe palibe angachikhulupirire. M'masewero ena a Agiriki, zinthu zikafika pothina, wosewera wovala ngati mulungu ankatsitsidwa kuchokera m'mwamba ndi chipangizo cha zingwe kudzathetsa mlandu. Mawu akuti deus ex machina, mulungu wotuluka m'makina, achokera pamenepo, ndipo Aristotle anadandaula nazo, nati mathero azichokera m'nkhani momwemo.

Mwayi wolowetsa munthu m'mavuto wowerenga amaulandira, makamaka koyambirira. Kuti mng'ono akabe pamalo pomwe mkulu wake akulondera, tinalandira, ndipo pakati paja tinaperekanso chifukwa chake. Koma mwayi womutulutsa m'mavuto ndi kumubera wowerenga. Ngati kutatsala tsiku limodzi mlandu kubwera munthu wachifundo kudzalipira opaleshoni, apolisi n'kugwira akubawo paokha, ndiye masamba onse omwe tinavutika nawo aja anali a chiyani?

Ndili ndi nkhani zing'onozing'ono zambiri m'kati mwa yaikuluyo. Zingati n'zokwanira?

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. M'nkhani yaifupi, imodzi yokha yaikuluyo. M'nkhani yaitali ziwiri kapena zitatu zikhoza kukwana, bola iliyonse izikhudza yaikuluyo, kuikankha kapena kuionetsa mbali ina. Mkazi wa mlonda yemwe wapeza envelopu ija pansi pa matiresi n'kusankha kusafunsa ndi nkhani yaing'ono yabwino, poti nayenso wazimitsa tochi yake. Chibwenzi cha bwana ndi mlembi wa mu ofesi, ngakhale chikome bwanji, n'cha buku lina.

Mpangankhani wanga akukana kuchita zomwe ndinakonza. Ndimvere ndani?

Mverani iyeyo, koma mufunseni kaye. Zikatere nthawi zambiri ndiye kuti mwamudziwa bwino kuposa momwe munkamudziwira polemba pulani. Mwina munakonza kuti mlonda akane envelopu ija, koma mutalemba chochitika cha kuchipatala, mwana atagwira batani, dzanja lanu likukana kulemba kuti wakana. Dzanjalo likunena zoona. Sinthani pulani, ndipo khalani pansi muone zomwe kusinthako kwagwedeza kutsogolo konse, osangopitiriza ngati palibe chachitika.

Nthawi zina si choncho. Nthawi zina mlembi ndi amene akuopa chochitika chovuta, ndiye amanamizira mpangankhani. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ngati njira yatsopanoyo ikumupeputsira moyo munthu wanu, ikayikireni. Timawakonda anthu omwe tinawalenga, ndipo timafuna kuwateteza. Koma wowerenga amamudziwa munthu pa zomwe wachita zitamuthina.

Mathero abwino ndi otani?

Ndi omwe amayankha funso lomwe chiyambi chinafunsa, ndipo yankholo libwere ndi dzanja la mpangankhani wamkulu. Nkhani yathu inafunsa kuti, kodi munthuyu adzayatsanso tochi ija? Pampondachimera ndi m'khoti, kope lili lotsegula patsogolo pake, mnyamata wosalakwa akumuyang'ana, mng'ono wake ali pabenchi lakumbuyo. Anene zoona kapena aname, zonse zikhoza kukhala mathero amphamvu, malinga ngati mtengo wake ukulipidwa poyera. Akanena zoona ataya ntchito, m'bale, mwinanso ufulu. Akanama mwana wake achira, koma tsiku lililonse adzadutsa pakhomo pa mayi wa khanda uja. Chomwe sichiloledwa n'kupeza zonse osataya kanthu.

Mathero osatseka zonse ndi ololedwa, ndipo ine ndimawakonda. Mukhoza kusatiuza ngati abale awiriwa adzayankhulanenso. Koma kuima chisankho chisanachitike, n'kunena kuti wowerenga aganize yekha, kumeneko n'kuthawa ntchito.

Pampondachimera pakadutsa musachedwe. Chochitika chimodzi kapena ziwiri zoonetsa momwe moyo wakhalira tsopano n'zokwanira. Ndipo musadabwe mathero akakuvutani. Ernest Hemingway ananena yekha kuti tsamba lomaliza la buku lake lina analilemba maulendo 39 asanakhutire. Dickens naye mu 1861 anasintha mathero a buku lake atamva malangizo a mlembi mnzake, ndipo mpaka lero owerenga amatsutsana kuti abwino ndi ati.

Ndamaliza kulemba koyamba. Ndidziwa bwanji ngati tsatanetsatane wake wagwira?

Nkhaniyo ibiseni kaye kwa masabata angapo, muiwale mawu ake. Mukabwerera musayambe ndi kukonza ziganizo, chifukwa mudzathera nthawi kusalaza ndime yomwe mawa muichotsa.

Tengani timakadi kapena timapepala, kamodzi pa chochitika chilichonse. Pa kalikonse lembani zinthu zitatu mwachidule: ndani akufuna chiyani pano, chasintha n'chiyani pomwe chochitikachi chikutha, ndipo chabadwa kuchokera mu chiti. Muzilemba zomwe zilidi papepala, osati zomwe munkafuna kulemba. Kenako yalani timakadito pansi motsatana, muimirire, muyang'ane. Pomwe pali timakadi tinayi totsatizana topanda chosintha mudzapaona ndi maso. Munthu yemwe wasowa kuyambira kadi la 8 mpaka la 31 mudzamuonanso. Kadi lomwe mzere wachitatu uli wopanda kanthu, lichotseni pamzerepo, muone ngati oyandikana nalo agwirana okha.

Mukatero pezani munthu mmodzi kapena awiri oti awerenge. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzati inde chifukwa amakukondani. Afunseni kuti anaima pati n'kukachita zina, ndi pati pomwe sanakhulupirire, komanso ali pakati ankaganiza kuti itha bwanji. Akatchula malo omwe pavuta akhulupirireni. Akakuuzani momwe mungakonzere mverani mwaulemu, koma kukonzako n'kwanu.

Padzapezeka kadi limodzi lokupwetekani mtima. M'nkhani ya mlonda mwina ndi chochitika chomwe wakhala pa mlatho m'bandakucha akukumbukira malemu bambo ake, masamba anayi omwe munawalemba bwino kuposa ena onse. Pa mzere wa "chasintha n'chiyani" mulibe cholemba. Yesani kaye kuchipatsa ntchito: mwina pa mlatho pomwepo ndi pomwe atulutsa tsamba la m'kope lija n'cholinga choliponya m'madzi, n'kulibwezanso m'thumba. Chikakana ntchito, chichotseni, muchisunge mu fayilo ina yolembedwa dzina la nkhaniyo ndi tsiku.